Kampeni ka m'thumba kapena chimpeni cha tactical? Yankho kwa m'bale wa ku Johannesburg

Funso: Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Johannesburg. Tsiku lonse ndimakhalira kumatula makatoni ndi kudula zingwe za pulasitiki. Kampeni kanga ka Victorinox komwe ndakhala nako zaka zisanu kanasowa, ndiye ndikufuna kugula mpeni wina. Anzanga akundiseka kuti timipeni totere n'ta agogo, ndigule chimpeni chakuda chopinda chija amati tactical, chotsegula ndi chala chimodzi, poti chingandithandizenso akandipeza atsotsi. Ndigule uti?

Achimwene, gulani kampeni kena konga komwe kanasowako. Ndanenapo msanga kuti mudziwiretu mbali yomwe ndili. Zotsalazi ndi zifukwa zanga, ndipo zina mwa izo anzanuwo sazikonda.

Ntchito yanga ndi yonola ndi kukonza mipeni, masizasi ndi zida zina zodulira, ndipo ndakalamba nayo. Pali chinthu chimodzi chomwe ndachiona mobwerezabwereza pa benchi yanga. Mipeni yomwe imabwera itatheratu, yonoledwa zaka ndi zaka mpaka kutsala kowonda ngati tsamba la nsungwi, pafupifupi nthawi zonse imakhala yaing'ono. Mwini wake amakuuza kuti, "Bambo, musakataye, kanali ka malemu bambo anga." Zimipeni zikuluzikulu zakuda zimabwera utoto wake ukadali mbee, osaperepeseka olo pang'ono, koma loko yoletsa mpeni kudzitsekekera itafa kapena nsonga itathyoka chifukwa wina amafuna kutsegulira chitini cha penti. Kutha kwa chitsulo ndiko kumaulula mpeni womwe umagwiradi ntchito.

Tayesani kukumbukira zonse zomwe munadula sabata yathayi. Katoni, selotepi, chingwe, ulusi wolendewera pa malaya, lalanje la pa nkhomaliro, mwina kachidutswa ka biltong, msoko wa thumba la ufa, pensulo ya mwana. Pa zonsezi palibe chofuna mpeni wopitirira masentimita 7. Kampeni komwe kanasowako mukanakayang'anitsitsa mukanaona kuti pobuntha msanga panali cha kunsonga, masentimita awiri kapena atatu okha. Ngakhale mpeni wa Stanley womwe uli m'nyumba zonse zosungiramo katundu umangotulutsa kalezala kosafika masentimita atatu, koma ndi womwe umamatula makatoni a dziko lonse.

Nkhani yaikulu, yomwe ogulitsa sakuuzani, ndi ya kuchindikala kwa chitsulo. Anthu amaganiza kuti kudula n'kuthwa kokha. Ayi. Kukuthwako kukangolowa m'chinthu, thupi lonse la mpeni liyenera kutsatira, ndipo liyenera kudzipezera njira pokankhira mbali ziwiri za chinthucho uku ndi uku. Mpeni wopyapyala umangotsetsereka. Wochindikala umachita ngati nkhwangwa yowazira nkhuni: umang'amba m'malo modula. Mpeni wopinda wa ku France wa Opinel nambala 8 kumsana kwake sufika mamilimita 2. Mipeni yambiri ya tactical imakhala mamilimita 3.5 kapena 4, ina kuposa apo. Pa pepala kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma dzanja limakumva.

Kayeseni nokha. Bwerekani chimpeni cha mnzanuyo, mutenge mbatata yaiwisi kapena chinangwa, muyese kudula timapisi topyapyala. Mudzamva kuti "thwa!", mbatata ikusweka mpeni usanafike pakati, ndipo chidutswa chidzatuluka chokhota, uku chonenepa uku chowonda. Kenaka tengani kampeni ka kukhitchini kaja amayi amadulira nkhwani, kopanda dzina, kogwirira kake komangidwa ndi mphira. Kadzadutsa mwakachetechete. Pa katoni yochindikala ya mipanda iwiri ndiye zimaonekeratu: mbali za katoniyo zimapana chitsulo chonenepacho, inu n'kuyamba kukankha ndi phewa lonse, ndipo pamene munthu akukankha mwamphamvu ndi pomwe mpeni umapulumuka n'kukatera pa ntchafu kapena pa dzanja lamanzere. Mabala ambiri omwe ndaonapo pa manja a anthu anabwera choncho.

Onjezanipo kapangidwe ka nsonga. Yambiri mwa mipeni imeneyi ili ndi nsonga ya ngodya yomwe amati tanto, yomwe inatchuka ndi kampani ya ku America ya Cold Steel m'zaka za m'ma 1980. Ndi nsonga yolimba pobaya, koma ilibe mimba, kupindika kuja komwe timasendera nako chipatso kapena chikopa cha mbuzi. Ina ili ndi mano onga a sowo cha kufupi ndi chogwirira. Manowo amathandizadi pa chingwe chonenepa chonyowa, koma anawaika pamalo penipeni pomwe dzanja limakhala ndi mphamvu yosongolera pensulo kapena kusenda waya, ndipo sanoleka pa mwala wamba. Akabuntha abuntha.

Sikuti amene anayambitsa mipeniyi anali opusa. Mu 1964 kampani ya Buck inatulutsa mpeni wopinda wa loko wotchedwa 110, wolemera magalamu pafupifupi 200, wa alenje, ndipo ankauvala pa lamba m'kachikwama kachikopa, osati m'thumba la buluku. Mu 1980 Michael Walker anakonza loko ya kachitsulo ka m'kati mwa chogwirira komwe kamatchinga mpeni ukatseguka, ndipo mu 1981 a Spyderco anabweretsa chibowo chotsegulira ndi chala chachikulu pamodzi ndi kachitsulo kopanira mpeni pa mlomo wa thumba. Amisiri monga Bob Terzuola ndi Ernest Emerson anaphatikiza zinthu zimenezi popangira asilikali ndi apolisi mipeni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mpeni wa Emerson wotchedwa CQC-7, womwe a Benchmade anayamba kupanga wambiri mu 1994, dzina lake lomwelo limanena za kumenyana moyandikizana. Ndiye funso ndi lakuti: inu m'nyumba ya makatoniyo mukumenyana ndi ndani? Chomwe chimandiseketsa n'chakuti m'modzi mwa amisiri olemekezeka kwambiri pa mipeni yopinda, Chris Reeve, ndi wa konko ku South Africa, wa ku Durban, ndipo anasamukira ku Boise ku Idaho mu 1989. Mpeni wake wotchuka sanaupatse dzina la nkhondo. Anautcha Sebenza, mawu a Chizulu omwe inu mumawamva m'mawa uliwonse, otanthauza kugwira ntchito. Ndipo kampani yake imapanganso waung'ono wake, wa masentimita pafupifupi 7.5.

Za kulemera sinditayapo nthawi. Victorinox Classic, kakang'ono kaja kotalika mamilimita 58 kakapindidwa, ndi magalamu 21. Ya mamilimita 91 ikapindidwa, yokhala ndi zida zochepa, monga Spartan, ndi pafupifupi magalamu 60. Opinel nambala 8 ndi cha m'ma 45. Ya tactical yambiri imayambira pa 150 mpaka kupitirira 200, ngati kunyamula foni yachiwiri. Sabata yoyamba mudzanyada nacho. Yachiwiri chopanira chija chidzayamba kudya msoko wa thumba. Yachitatu mudzachisiya pansi pa matiresi, ndipo tsiku lomwe mudzafune kudula chingwe mudzaluma ndi mano.

Tsopano za anthu okuzungulirani, ndipo apa ndilankhula monga mkulu wanu. Inu muli kwa eni, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Mukatulutsa kampeni kofiira m'chipinda chodyera kuntchito n'kuyamba kusenda apulo, palibe amene amatembenuka. Mwina wina adzakubwerekani kuti awenge chikhadabo. Koma tulutsani chimpeni chakuda, muchitsegule ndi chala chimodzi chilire kuti "khatcha!", muone momwe macheza aleke. Kapitawo sadzanena kanthu tsiku limenelo, koma adzakumbukira. Tsiku lomwe mudzakangane ndi mnzanu pa nkhani ya ovataimu, padzapezeka wina wonena kuti, "Mmalawi uja amayenda ndi chimpeni." Mpeni womwe mumachita manyazi kapena mantha kuutulutsa pagulu mudzaugwiritsa ntchito liti?

Lamulo nalo limayang'ana zomwezo. Ku South Africa kuli Dangerous Weapons Act ya 2013. Lamuloli silinena kuti mpeni usapitirire masentimita akutiakuti. Limanena kuti munthu wopezeka ndi chida choopsa m'njira yopereka chikayikiro chomveka chakuti akufuna kuchigwiritsa ntchito pa zosaloledwa ali ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka zitatu. Amayang'ana malo, nthawi, khalidwe la munthuyo ndi momwe wachinyamulira. Chida cha pa ntchito yanu yovomerezeka sichikhudzidwa. Ndiye ganizirani wapolisi atakuimitsani cha m'ma 9 koloko usiku mukuchokera kokwerera mataxi. M'thumba apezamo kampeni kokhala ndi sizasi ndi chotsegulira zitini: nkhaniyo ndi yaifupi. Apezamo chimpeni cha masentimita 10 cha nsonga yobayira, akufunsani kuti n'cha chiyani, inu n'kuyankha kuti n'chodzitetezera: mwavomera ndi pakamwa panu kuti mwanyamula chida. Abale athu a ku Britain ndiye zawo n'zolimba kuposa apa. Kumeneko, malinga ndi Criminal Justice Act ya 1988, mpeni womwe ungayende nawo popanda kupereka chifukwa ndi wopinda wosapitirira mainchesi atatu, omwe ndi masentimita 7.62, ndipo makhoti anagamula kale kuti wokhala ndi loko sulowa m'gulu limeneli ngakhale utachepa bwanji. Chilango chimafika zaka zinayi. Ku Germany kuyambira 2008 saloleza kuyenda ndi mpeni wa loko wotsegula ndi dzanja limodzi popanda chifukwa chomveka. Onani kuti zomwe malamulowa amadana nazo ndi zomwezo zomwe anzanu akukutamandirani.

Za atsotsizo. Sindikupeputsa mantha anu. Johannesburg si malo osewera, ndipo aliyense wa ife ali ndi m'bale amene analandidwapo foni ndi malipiro a mwezi wonse. Koma mbava ndi imene imasankha nthawi ndi malo, osati inu. Imabwera ndi anzake awiri kapena atatu, nthawi zambiri kuchokera kumbuyo, ndipo ena amakhala ndi mfuti. Dzanja lanu likangolowera kuthumba, iwo sadikira kuti aone chomwe mukutulutsa. Ngakhale mutakwanitsa kuutsegula, mpeni suimitsa munthu nthawi yomweyo monga zimaonekera pa kanema. Wobayidwa amatha kupitiriza kumenya kwa kanthawi ndithu, ndipo pa kanthawi kameneko inunso mwavulala, mwinanso ndi mpeni wanu womwe. Tinene kuti mwapambana, munthu wagona pansi. Tsopano muli ndi mlandu wa magazi m'dziko la eni, ndipo muyenera kukakhutiritsa khoti kuti panalibe njira ina. Foni ya ndalama zingati ingafanane ndi zimenezo? Choipa china n'chakuti chimpeni m'thumba chimalimbitsa munthu mtima pachabe: njira yachidule yamdima ija mumaipewa, mudzayamba kuidutsa. Ngati mukufunadi kanthu m'manja, kabotolo kopopera tsabola m'maso n'kololedwa ku South Africa, kamagwira munthu ali pataliko, ndipo kamakupatsani mpata wothawa osasiya maliro. Kuyenda awiriawiri potuluka kuntchito kumaposa zonsezi.

Pali mfundo imodzi yomwe anzanuwo akunena zoona, ndipo ndisawabere. Loko yabwino imateteza zala. Ineyo ndili ndi chipsera pa chala cha mkombaphala chomwe ndinadzipatsa ndili mnyamata, ndikuboola lamba ndi nsonga ya kampeni kopanda loko. Kanapindika n'kundiluma mpaka pafupa. Koma taonani chomwe ndinalakwitsa. Mpeni wa sipuling'i chabe sungakutsekekereni pamene mukudula, chifukwa mphamvu ya kudulako imaukankhira kotseguka. Umatsekeka mukamabaya, mukamaboola mozungulitsa, kapena mukaukanikiza m'mtengo n'kuukoka mokweza. Zimenezi si ntchito za mpeni. N'chifukwa chake Victorinox zambiri zili ndi kachitsulo koboolera kumsana. Ndipo ngati mukufuna loko, sikuti mpaka mugule chimpeni: Opinel kuyambira nambala 6, ya masentimita 7, ili ndi mphete yozungulitsa yomwe Marcel Opinel anaikapo mu 1955, ndipo a Spyderco ndi ena amapanga timipeni ta loko tosafika masentimita 7.

Loko yoipa ndiyo yoopsa kuposa kusakhala ndi loko, chifukwa mumaikhulupirira. Mlonda wina wachinyamata anandibweretserapo chimpeni chokongola zedi, chakuda bii, cholembedwa dzina la kampani yotchuka, chomwe anagula pa tebulo la m'mbali mwa msewu. Ankafuna ndingomunolera. Nditachitsegula ndinaona kuti kachitsulo kotchinga kaja kakungogwira ndi kansonga chabe, kopyapyala ngati chivindikiro cha chitini cha nsomba. Ndinachotsa zala panjira, n'kugogoda msana wa mpeniwo kamodzi kokha pa benchi. Unatsekeka. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa, kuyang'ana zala zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mipeni yeniyeni ya Benchmade kapena Emerson mtengo wake ndi wa lendi ya mwezi kapena kuposa. Yomwe anzanu akugula pa mtengo wa mbale ziwiri za chakudya inangotengera maonekedwe. Pa ndalama zomwezo mungapeze kampeni kakang'ono kenikeni, kachitsulo chowotchedwa bwino.

Kunola nakonso kumakomera kakang'ono. Chitsulo cha Victorinox n'chofewerapo, cha m'ma 56 pa muyeso wa kulimba kwa chitsulo wotchedwa Rockwell, ndipo ena amachinyoza chifukwa cha chimenecho. Ine ndimachikonda. Chimabuntha msanga, inde, koma chimabwerera m'mphindi ziwiri. Tembenuzani kapu yadothi ya tiyi, mupeze kamzere kokhakhala ka pansi pake komwe sikanapakidwe zonyezimira. Gonekani mpeni mopendekeka madigiri 15 mpaka 20. Ngati mulibe choyezera, imikani mpeni chilili, muupendeke theka, kenaka thekanso, n'kutsitsa pang'ono. Kokani kuchokera kutsinde mpaka kunsonga ngati mukufuna kupala kapuyo, kakhumi mbali imodzi, mpaka chala chimve kamlomo kachitsulo katapindikira mbali inayo. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi, kenaka mumalize popukuta chobwerera m'mbuyo kuseri kwa lamba wachikopa. Ukadula pepala la nyuzi osaling'amba, wathwa. Kumudzi nsangalabwi ya kumtsinje imagwira ntchito yomweyo. Zitsulo zolimba za mipeni yokwera mtengo, monga S30V kapena D2, zimasunga kuthwa nthawi yaitali, koma zikabuntha zimafuna mwala wa dayamondi ndi kuleza mtima, ndipo anthu ambiri amangoyenda nazo zobuntha.

Mungandifunse kuti nanga mpeni waukulu ulibiretu malo? Uli nawo. Wosenda ng'ombe, msodzi wotumbula kampango, mlenje, onsewa amafuna chitsulo chachitali. Koma iwowa amatenga mpeni wosapinda, chifukwa ulibe polumikizira pomwe pangathyoke kapena kusunga magazi ndi mafuta. Ndipo ntchito ikakula kuposa apo, nzimbe, nsungwi, nthambi, kwathu tili ndi chikwanje, chomwe palibe mpeni wopinda ungachiyandikire. Chimpeni cha tactical chinangokhala pakati: chachikulu kwambiri pa lalanje, chaching'ono kwambiri pa nsungwi.

Sindingamalize osatchula Okapi, poti ndikudziwa kuti wina akuuzani kuti mungogula umenewo. Ndi mpeni womwe agogo athu ambiri anabwera nawo kuchokera ku migodi. Unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902, wogulitsa ku Africa, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa konko. Chitsulo chake chakaboni n'chopyapyala, chimanoleka bwino, mtengo wake ndi wa munthu wamba. Ngati chida ndilibe nawo mawu. Vuto ndi mbiri yake: ku South Africa dzina loti Okapi, makamaka waukulu uja wa loko yomasula pokoka mphete, limayendera limodzi ndi nkhani za kubayana m'malokeshoni, ndipo wapolisi aliyense amalidziwa. Kumunda ku Mzimba kapena ku Mangochi ndi mpeni wa bambo wolemekezeka. M'thumba la mlendo ku Hillbrow, m'kati mwa Johannesburg, ndi nkhani ina. Ngati mumaukonda, funani timitundu take tating'ono topanda loko.

Ndiye mukapita kusitolo, ine ndikanatenga Victorinox ya mamilimita 84 kapena 91, ya mizere iwiri kapena itatu ya zida basi, osati zonenepa zija za zida makumi atatu. Ikhale ndi mipeni iwiri, waukulu ndi waung'ono: waung'onowo muusiyire zauve monga selotepi, waukuluwo ukhale wa chakudya. Gulani m'sitolo yodziwika, chifukwa zabodza zilipo zambiri. Yeniyeni imatseguka mosalala n'kukhazikika ndi kaphokoso komveka bwino, ndipo mpeni sugwedera uku ndi uku. Ngati mukufuna wodula bwino kuposa onse pa ndalama zochepa, tengani Opinel nambala 6 kapena 7. Chogwirira chake n'chamtengo, ndiye nyengo ya mvula chimafufuma mpeni n'kukanirira; musalimbane nawo ndi chikhadabo, ingogogodani kumapeto kwa chogwiriracho pa tebulo, nsonga idzasuzumira yokha. Mukasankha wa chitsulo chakaboni udzada mukadulira ndimu, zomwe sizoopsa, koma muziupukuta ndi kuupaka kadontho ka mafuta ophikira kuti usachite dzimbiri.

Koma makatoni a tsiku lonsewo musamalizire mpeni wanu. Katoni imabunthitsa chitsulo msanga kuposa momwe anthu amaganizira, ndipo ulimbo wa selotepi umamata polumikizira. Pemphani abwana akupatseni mpeni wa Stanley wosintha malezala, ndi udindo wawo. Ulimbo ukamata pa wanuwo, pukutani ndi palafini pang'ono kapena mafuta ophikira, kenaka mutsuke ndi sopo musanadulire chakudya.

Popita kumudzi pa Khirisimasi, ngati mukwera basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, kumbukirani kuti mudutsa zipata zitatu ndi m'manja mwa apolisi a mayiko anayi. Kampeniko kakhale m'chikwama chachikulu pansi pa basi. Pa ndege musayese n'komwe kukasiya m'thumba kapena m'chikwama cha m'manja, kadzatsala pa chipata cha bwalo la ndege la OR Tambo. Ndipo poti koyambako kanasowa, aka mukamangirire kachingwe pa mphete yake n'kukoleka pa lupu ya lamba, kachingwe kotalika mokwanira kuti muzidula osakamasula.